Magazi a mu Mkodzo ndi Tsogolo la Impso

(Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono.)

Tikulankhula nanu a kuno ku Milange m'tsinde mwa phiri la Tumbine, ndi inu a tsidya ilo la Muloza, Limbuli mpaka Mulanje, amene mawu athu amakupezani osadinditsa chiphaso. Yakwana nthawi ya zaumoyo. Nkhani ya lero ndi ija ambirife timachita nayo manyazi pagulu, koma tiikamba ndithu: magazi otuluka mu mkodzo. Makamaka tikamba za magazi ochokera mu impso pamene chitetezo cha m'thupi chazivulaza, ndi zimene magaziwo amauza adokotala za kumene matendawo akulowera. Amene muli ndi mwana wa msinkhu wa sukulu, kapena wachibale amene adatupapo nkhope ndi mapazi, senderani pafupi ndi wailesi.

Kwathu kuno mkodzo ukafiira, dzina lake ndi limodzi: likodzo. Ndipo kawirikawiri oganiza choncho salakwa. Nkhono zosunga tizilombo ta likodzo zili m'madambo, m'minda ya mpunga ndi m'timitsinje momwe ana amasambira, amayi amachapira. Matendawa adazolowereka kwambiri moti m'midzi ina mnyamata akakodza magazi, akuluakulu ankangoti wakula. Mankhwala ake ndi praziquantel, aja amagawidwa m'sukulu, ndipo amagwira ntchito bwino. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi chizolowezicho. Pakati pa ana ambiri okodza magazi a likodzo pamabisala mmodzi amene magazi ake sakuchokera m'chikhodzodzo ayi, akuchokera m'mwamba, mu impso mwenimweni. Ameneyo angamwe praziquantel kangapo, palibe chisinthe, ndipo miyezi imene makolo akudikira ndi imene impso zikuonongeka.

Tiyambe ndi ntchito ya impso. Zilipo ziwiri, kumsana m'munsi mwa nthiti, ndipo mu iliyonse muli tisefa pafupifupi 1 miliyoni. Pa tsiku timasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 kuchokera m'magazi. Ambiri mwa madziwo thupi limawatenganso, ndipo otsala, lita imodzi ndi theka kapena kuposera pang'ono, ndiwo mkodzo. Amayi mukuidziwa sefa ya ufa: ufa umadutsa, misere imatsala pamwamba. Mukapeza misere mu ufa wosefa kale, simudandaula za chigayo, mumadziwa kuti sefa yabooka. Mu impso, zinthu zoyenera kutsala pamwamba ndi ziwiri: maselo ofiira a magazi ndi mapuloteni. Zikapezeka mu mkodzo kuchokera ku impso, tisefa tang'ambika.

Chimang'amba n'chiyani? Nthawi zambiri ndi chitetezo chathu chomwe. Asilikali a m'thupi akamalimbana ndi tizilombo pakhosi kapena pakhungu, zida zimene amapanga zimagwirana ndi zidutswa za tizilombo n'kukhala timibulu. Timibuluto timayenda ndi magazi, timakakodwa m'tisefa, pamenepo pamatupa n'kuyamba kutaya. Nthawi zina chitetezo chimasokonekera kotheratu n'kumaukira thupi la mwini wake popanda mdani aliyense. Matenda a HIV, a chiwindi a mtundu wa B, ngakhale malungo a mtundu wina obwera mobwerezabwereza, angathenso kuyambitsa vuto lotereli.

Tsono mungasiyanitse bwanji pakhomo, musanafike kuchipatala? Onani maonekedwe ake ndi nthawi imene magazi akutuluka. A likodzo amakhala ofiira piriwiri, amabwera kumapeto kokodza, madontho omaliza aja, ndipo kawirikawiri munthu amamva kuotcha. Nthawi zina mumakhala timagazi toundana. A mu impso ayenda ulendo wautali, afika atasintha. Mkodzo wonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, umakhala wodera ngati tiyi wopanda mkaka, mwina wakuda ngati Coca-Cola. Pokodza sipapweteka, magazi oundana mulibe, ndipo pamwamba pamakhala thovu losaphwa msanga. Thovulo ndiwo mapuloteni aja. Onjezani apo zikope zotupa podzuka m'mawa, mapazi otupa madzulo, mutu wosaleka, ndi mkodzo wochepa kusiyana ndi masiku onse.

Palinso zina zonamiza. Mankhwala a TB otchedwa rifampicin amasandutsa mkodzo kukhala wa mtundu wa lalanje, si magazi amenewo, musasiye mankhwala. Malungo aakulu amadetsa mkodzo chifukwa maselo ofiira asweka m'mitsempha, ndipo imeneyo ndi ngozi yofunika chipatala tsiku lomwelo. Mayi akakhala kumwezi, magazi amasakanikira ndi mkodzo, choncho kuyeza kudikire masiku angapo atatsiriza. Ndipo kwa abambo ndi amayi opitirira zaka 40, magazi ofiira osapweteka afufuzidwe bwino, pakuti likodzo lokhalitsa limabala khansa ya chikhodzodzo.

Kuchipatala amaviika kapepala koyezera mu mkodzo. Kapepalako n'kothandiza kwambiri, koma kamangonena kuti magazi alimo, sikanena kumene achokera. Chonena zoona ndi maikulosikopu ya ku labotale. Pamenepo woyeza amaona ngati muli mazira a likodzo, kapena ngati maselo ofiira ali opindikapindika chifukwa chodzipanikiza podutsa m'tisefa, kapenanso ataumbika pamodzi m'maonekedwe a timapaipi ta mu impso. Akapeza zoumbikazi, nkhani yatha, magaziwo ndi a mu impso. Kanthu kena kakang'ono koma kofunika: pofuna mazira a likodzo, mkodzo wabwino ndi wa masana, pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko. Pofuna za impso, wabwino ndi wa m'mawa, woyezedwa usanakhalitse.

(Kanyimbo kakafupi.)

Tabweranso. Tsopano funso lenileni la lero, limene kholo lililonse limafunsa adokotala akangotchula impso: kodi achira? Yankho silifanana, chifukwa magazi omwewo amatanthauza zosiyana malinga ndi matenda ake. Tiyeni titenge matenda atatu.

Oyamba ndi amene timakumana nawo kwambiri m'madera ngati athuwa. Mwana wa zaka zapakati pa 5 ndi 12 amadwala zilonda zapakhosi, kapena mphere zimene wazikanda mpaka kuchita mafinya. Tizilombo tolowa pamenepo timatchedwa streptococcus. Zilonda zimapola, aliyense n'kuiwala. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri kuchokera pa zapakhosi, kapena masabata 3 mpaka 6 kuchokera pa zapakhungu, mwana amadzuka nkhope ili ndendende, mkodzo uli bii. Makolo amaopa, ena amathamangira kwa asing'anga poganiza kuti wapondetsedwa. Komatu mwa matenda onse a impso amene tikambe lero, awa ndiwo amathera bwino. Ana ochuluka kwambiri amachira kotheratu. Kuda kwa mkodzo kumatha m'masiku ochepa kapena masabata angapo, ndipo kuda kwambiri sikutanthauza kuti mathero akhala oipa.

Choopsa pa mwana ameneyu si mtundu wa mkodzo. Choopsa ndi sabata ziwiri zoyambirira, pamene madzi adzadza m'thupi, BP yakwera mpaka kumukomola, kapena madzi alowa m'mapapo iye n'kumabanika. N'chifukwa chake amafunika kuonedwa kuchipatala, ayezedwe BP, apatsidwe mankhwala okodzetsa, achepetsedwe mchere. Akadutsa pamenepo, timagazi tosaoneka ndi maso tingapitirire kupezeka pa kapepala kaja kwa chaka chathunthu, ngakhale ziwiri. Makolo, mumve bwino apa: ngati BP ili bwino, mapuloteni atha, kutupa kulibe, timagazi totsalirato si chizindikiro chakuti impso zikufa. Koma ngati papita miyezi 6 mapuloteni akadalipo, kapena BP sikutsika, adokotala ayenera kuganiziranso, mwina matendawo ndi ena.

Achiwiri ndi ovuta kuwamvetsa, ndiye tichedwapo. Amatchedwa IgA nephropathy, ndipo adawafotokoza koyamba madokotala awiri a ku Paris, Jean Berger ndi Nicole Hinglais, mu 1968. Padziko lonse ndi amene amapezeka kwambiri mwa matenda otupitsa tisefa ta impso, makamaka ku Japan, ku China ndi ku Europe. Mu Africa muno amalembedwa mwa apo ndi apo. Mbali ina n'chifukwa cha chibadwa chathu, mbali ina n'chifukwa choti kuwatsimikiza kumafuna kutapa kanyama ka impso ndi singano n'kukaunika, zimene zimachitika m'zipatala zazikulu zowerengeka. Chizindikiro chake chodziwika n'chakuti wachinyamata akangodwala chimfine kapena zapakhosi, mkodzo umada pasanathe masiku atatu. Onani kusiyana kwake ndi oyamba aja: pano palibe kudikira masabata. Mkodzo umayera pakapita masiku ochepa, kenaka chimfine china chikabwera, wadanso.

Munthu angaganize kuti wokodza zakuda mobwerezabwereza ndiye ali pangozi yaikulu. Madokotala adadabwa kuona kuti kawirikawiri sizili choncho. Odwala amene magazi amaonekera poyera nthawi ndi nthawi amakonda kukhala ndi tsogolo labwinopo kusiyana ndi amene magazi awo sadaonekepo ndi maso. Chifukwa chimodzi n'chosavuta kumva: woona mkodzo wakuda amathamangira kuchipatala matenda akadali aang'ono, pamene winayo amadzafika patapita zaka, BP itakwera kale, impso zili zipsera zokhazokha.

Izi sizikutanthauza kuti kuda kwa mkodzo n'kosewera nako. Maselo ofiira akachuluka amatseka timapaipi ta mu impso, ndipo akasweka amatulutsa ayironi amene amaotcha makoma a timapaipito. Impso zingathe kufooka mwadzidzidzi. Ambiri amabwerera mwakale magazi akaleka, koma madokotala a ku Spain adaona kuti kukodza zakuda kukapitirira masiku 10, makamaka kwa opitirira zaka 50, ena impso zawo sizibwereranso pamene zinali. Choncho werengani masiku. Mkodzo ukakhala wakuda sabata yathunthu, magazi ayezedwe kiriyatinini, muyeso wosonyeza mphamvu ya impso.

Nanga timagazi tosaoneka? Kwa zaka zambiri madokotala sankatilabadira kwenikweni. Ankayang'ana zitatu: mapuloteni, BP ndi kiriyatinini. Ngakhale njira yowerengera tsogolo la odwala matendawa imene akatswiri a mayiko osiyanasiyana adatulutsa mu 2019 siiwerengera magazi a mu mkodzo. Koma mu 2017, madokotala a ku Spain omwewo adafalitsa zimene adapeza atatsatira odwala 112 kwa zaka pafupifupi 14. Mwa amene timagazi tosaonekati sitinkaleka, pafupifupi 3 mwa 10 alionse impso zawo zidafika polephereratu. Mwa amene tinali tochepa kapena tidatha, anali pafupifupi 1 mwa 10. Oipitsitsa anali amene magazi ndi mapuloteni zinkatulukira limodzi chaka ndi chaka. Ndipo mwa odwala amene magazi adadzaleka, kufooka kwa impso kudatsala pang'ono kuima. Tanthauzo lake n'lakuti magazi osaleka amasonyeza kuti kutupa m'tisefa kukadali kuyaka, pamene mapuloteni okha angachokerenso ku zipsera zakale.

Pali kafukufuku wina amene amaika zinthu pa muyeso wake. Ku Israel, achinyamata oposa 1.2 miliyoni a zaka 16 mpaka 25 adayezedwa mkodzo asanalowe usilikali, n'kutsatidwa kwa zaka pafupifupi 22. Zotsatira zidatuluka mu 2011. Mwa amene anali ndi timagazi tosaoneka tosaleka popanda vuto lina lililonse, 7 mwa 1,000 impso zawo zidadzalephera. Mwa anzawo opanda timagazi, sadakwane ndi 1 yemwe mwa 2,000. Kusiyanako n'kwakukulu, inde, koma ine ndimakonda kuwerenga mbali inayo: 993 mwa 1,000 sadafike pamenepo. Wopezeka ndi timagazi tokha, mapuloteni mulibe, BP ili bwino, asagulitse mbuzi ndi mantha. Chimene akufunika ndi kuyezedwa kamodzi pa chaka, osalumpha. Ndipo tikumbuke kuti ku Israel ndi ku Spain ana sasamba m'madzi a likodzo ngati kuno. Kwathu, kapepala kakasonyeza magazi, choyamba ndi kuchiza likodzo, n'kudzayezanso pakapita mwezi umodzi kapena iwiri. Otsala pamenepo ndiwo ofunika kuwafufuza.

Achitatu, otchedwa lupus, tiwadutsa mwachangu, ngakhale ndi oopsa. Lupus imagwira kwambiri amayi ndi atsikana a msinkhu wobereka, ndipo mwa anthu akuda imakonda kulusa pa impso. Mafupa amaphwanya m'molumikizira, tsitsi limathothoka, m'kamwa mumatuluka zilonda, nkhope imachita zidzolo zokula ndi dzuwa. Pa lupus, magazi obwerera mu mkodzo atatha kale ndi chenjezo lakuti matenda adzukanso. Koma pofuna kudziwa tsogolo, kafukufuku wa ku Europe adaonetsa kuti chonena zoona kwambiri ndi mapuloteni pakatha chaka chimodzi cha mankhwala: akatsika pansi pa magalamu 0.8 pa tsiku, impso zimakonda kukhalitsa, ndipo kuwerengera timagazi totsalira sikudaonjezere nzeru iliyonse. Kupatula lupus, palinso mtundu wina wa matenda a impso wothamanga, pamene magazi, kuchepa kwa mkodzo ndi kukwera kwa kiriyatinini zimabwera limodzi m'masabata ochepa, nthawi zina munthu n'kumatsokomolanso magazi. Pamenepo tsiku lililonse lochedwa ndi tisefa totayika osabwereranso, ndipo wodwala atumizidwe kuchipatala chachikulu popanda kuzengereza.

(Kanyimbo kakafupi.)

Omvera anzanga, mwaona kuti pa zonse takambazi mawu obwerezeka ndi akuti masiku angati, miyezi ingati, kwaleka kapena sikunaleke. Kuyeza kwa tsiku limodzi kumanena zochepa. Tsogolo la impso limawerengedwa poika zotsatira za Januwale pambali pa za Epulo ndi za Ogasiti. Apa ndi pamene ife a m'malire timadzipweteka tokha. Lero tapita kuchipatala cha boma cha Milange, atilembera m'Chipwitikizi pa kakhadi. Mwezi wamawa tili ku msika wa Limbuli, tapitirira kuchipatala cha ku Mulanje, atilembera m'Chingerezi m'kabuku kena. Dokotala wa kuno saona za uko, wa uko saona za kuno, ndipo aliyense akuyambira pachiyambi: magazi mu mkodzo, mwina likodzo, nayu praziquantel. Ena amabisa dala kabuku ka tsidya lina poopa kukalipiridwa. Chonde, musatero. Ikani mapepala onse m'jumbo imodzi, a mbali zonse ziwiri, ndipo muziwatulutsa onse patebulo. Zinenero zisiyane, manambala ndi omwewo: BP ya 150 ndi 150 kulikonse, ndipo mitanda ya mapuloteni pa kapepala aliyense amaiwerenga.

Mukapita, pemphani zinthu zinayi zilembedwe pamodzi ndi tsiku lake: magazi a mu mkodzo, mapuloteni, BP, ndi kiriyatinini ngati makina alipo. Adokotala akanena kuti mubwere pakatha miyezi itatu, pitani ngakhale mukumva bwino. Impso zimatha kutaya theka la mphamvu zake munthu akupalasa kabaza osamva kanthu.

Chifukwa chake cholimbikira chonchi n'chodziwika kwa aliyense amene adaperekezapo wodwala. Makina osefa magazi ali kutali ndi ife. Ku Malawi ali m'mizinda ikuluikulu, monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo malo ndi ochepa. Kuno ku Mozambique nawonso ali m'zipatala zazikulu za m'mizinda, monga cha Maputo. Wodwala amafunika kukhala pa makinawo kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wake wonse. Kwa mlimi wa kuno zimenezo n'zosafikirika, pamene zoteteza impso zili pafupi ndipo n'zotsika mtengo.

Mankhwala a BP monga enalapril ndi losartan amachita ziwiri: amatsitsa BP, komanso amachepetsa mapuloteni otayika. Pa matenda a IgA madokotala amafuna mapuloteni atsike kwambiri momwe angathere. Koma mayi woyembekezera, kapena amene akufuna pathupi, asamwe mankhwala amenewa, amavulaza mwana m'mimba, auze adokotala amusinthire. Prednisolone ndi mankhwala ena ofooketsa chitetezo amapulumutsa impso pa lupus ndi pa mtundu wothamanga uja, koma si ogula pa tebulo la mumsika. Amadzutsa TB yogona, amakweza shuga, ndipo pa mwana wa zilonda zapakhosi uja safunika n'komwe. Zoti mupewe kwambiri ndi ibuprofen ndi diclofenac, aja ambiri amameza msana ukawawa pochokera kumunda. Amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo impso yodwala kale imagwa nawo msanga. Paracetamol pa muyeso wake ndi wabwinopo. Mankhwala a zitsamba ochapa m'mimba kapena otsuka magazi nawo ndi katundu wina pa impso yotopa, pakuti palibe amene akudziwa mphamvu ya m'botolomo.

Za mchere, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 pa tsiku, imeneyo ndi supuni yaing'ono ya tiyi imodzi, kuphatikiza wa m'ndiwo zonse. Bakayawo tonse timamukonda, koma wodwala impso amuviike m'madzi nthawi yaitali n'kutaya madziwo, ndipo ndiwo zothira kale zokometsera za caldo zisaonjezedwenso mchere. Mwana wa mphere achizidwe msanga pamodzi ndi onse ogona naye, zovala ndi zofunda zichapidwe n'kuyanikidwa padzuwa, ndipo zilonda za mafinya zionedwe kuchipatala zisanakule.

Aphunzitsi ndi atsogoleri a m'midzi, pempho langa kwa inu ndi limodzi. Akagawa praziquantel kusukulu, pakapita mwezi funsani ana mwakachetechete ngati alipo amene mkodzo wake sunayere, ndipo yang'anani nkhope zotupa m'kalasi ya m'mawa. Oterewo auzeni makolo awo apite nawo kuchipatala ndi mapepala awo onse, akanene kuti mankhwala a likodzo adamwa kale, ndipo akapemphe kuyezedwa BP ndi mapuloteni.

Nthawi yathu yathera pamenepa.  

(Nyimbo yotsekera.)